Ndinanyamula Ayezi Kupita kwa Mposa

Mpaka lero ndikaona munthu akuponya ayezi m'tambula, kukhosi kwanga kumauma ndipo ndimayamba kusuzumira kumene kuli dzuwa. Ana anga amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Ndi nkhani ya tsiku lina kwa Mposa, tsiku limene ndinanyamuka m'mawa ndili ndi chibwenzi komanso kaulemu pang'ono, n'kubwerera kwathu ndili ndi thumba lonyowa basi.

Zinali zaka zija munthu sunkachoka pakhomo wopanda khadi la chipani m'thumba la malaya. Ine ndinali ku koleji ku Zomba, mnyamata wa ku Rivirivi, kufupi ndi Balaka, kumene mwezi wa Okutobala ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Ndiye pa maphunziro onse amene anali pa koleji paja, a zamalamulo, a uphunzitsi, a zachuma, ine ndinakagwa m'chikondi ndi ayezi. (Musandifunse chifukwa chake. Mayi anga anafunsa mpaka anatopa.)

Wolakwa anali mphunzitsi wathu wina wa za chilengedwe, mzungu wa ndevu zofiira, amene anakhalapo kumathero a dziko, kumwera kwenikweni, kumene kulibe mtengo kapena munda koma madzi oundana okhaokha, ena okhuthala kuposa kutalika kwa phiri la Zomba. Ankazimitsa magetsi n'kumationetsa zithunzi pakhoma. Ankati madzi oundanawo amathandiza kuziziritsa dziko lonse, ndipo akadzayamba kusungunuka nyanja zikuluzikulu zidzakwera, mvula idzasokonekera ngakhale kuno kwathu, choncho maboma ayenera kumvana malamulo osamalira mpweya, nkhalango ndi madzi zinthu zisanafike poipa. Anzanga ankalemba zimenezi kuti akhoze mayeso basi. Ine zinandilowa m'magazi. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuyankha ndi nkhani ya ayezi, moti anthu anayamba kundilambalala kodyera. Mphunzitsi uja ataona misala yangayo anandipezera malo oti ndikamaliza ndikapitirize maphunziro kudziko lozizira la kumpoto kwa zaka zingapo.

Vuto linali Asiyatu. Tinadziwana pa ukwati wa msuweni wanga ku Liwonde, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso pansi. Kwawo kunali kwa Mposa, pafupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo mawu omaliza pa iye anali ndi amjomba ake, alongo a mayi ake, Che Saidi. Awa anali bambo ogula matemba n'kumakagulitsa m'misika, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kukatunga pachitsime. Ine ndinkafuna kuti avomere amalume anga abwere kudzafunsira mbeta ndisanapite kunja, Asiyatu andidikire mpaka ndidzabwerere.

Ulendo woyamba kukaonekera, Che Saidi anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi.

"Ndiye kukolejiko mumaphunzira chiyani, mwanangu?"

"Za madzi oundana, amjomba. Kumathero a dziko madzi amauma ngati mwala, anthu n'kumayenda pamwamba pake."

"Oho. Ndiye mukamaliza mupita komweko?"

"Zaka zochepa chabe."

Anatembenukira kunyanja, imene chaka chimenecho inali itabwerera m'mbuyo kwambiri, mabwato ali pamatope. "Yathuyi ikuphwa, inu mukukayang'anira ya eni," anatero.

Pondiperekeza, Asiyatu anandiuza nkhani imene inandichotsa mtendere. Telala wina wa ku Liwonde, mwini makina osokera ndi njinga yatsopano, anali atatumiza kale abale ake kudzafunsa ngati pakhomopo pali mbeta. "Amjomba akuti ayankha chikondwerero cha Idi chisanakwane," anatero akuyang'ana pansi. "Mubwerenso, koma mudzalankhule nawo zomveka."

Munthu wamutu wabwino akanamva kuti bambo aja akuda nkhawa ndi ulendo wanga wa kunja. Ine ndinamva zina. Ndinati mdala uyu sakukhulupirira kuti madzi amauma, akuyesa ndikumunamiza. Mankhwala ake ndi amodzi, akaone yekha ndi maso, akakhudze, akalawe. Ndinadziona ndili pakhonde pawo, mudzi wonse utandizungulira, ayezi akuyenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, telala ndi njinga yake ataiwalika.

Mlamu wanga ankagwira ntchito pa sitolo ya mmwenye wina ku Balaka, pamene panali firiji yaikulu yoikamo zakumwa. Ndinamunyengerera mpaka analola kubisa pansi pa mabotolo chitini cha mafuta ophikira chodzaza madzi. Tsiku lonyamuka tinachidula chitinicho, n'kutulutsa chimwala cha ayezi choyera mbee, cholemera ngati mwana woyamba kukwawa. Ndinachikulunga m'thumba la utuchi, monga tinaphunzirira kuti ankachitira anthu akale osunga ayezi, pamwamba n'kufunditsa jekete langa lomwe ndinkati ndikavale pofika.

Tsopano apa mumvetsetse. Unali mwezi wa Ramadani. Ine ndine Msilamu wobadwa, ndipo kuti mwezi waoneka ndinkadziwa. Koma ndinkadziwa monga momwe munthu amadziwira kuti ku Nsanje kuli anthu, nkhani yoona koma yosakukhudza. Kukoleji ndinali nditalekerera kusala, ndinkadziuza kuti ubongo wa wophunzira umafuna chakudya. M'mawa umenewo ndinamwa tiyi ndi mandasi kuseri kwa sitolo, ndipo m'mutu mwanga simunadutse ganizo loti ndikunyamula chinthu cholawa kupita nacho kwa anthu amene samwa ngakhale dontho dzuwa lisanalowe.

Mavuto anayambira m'basi. Kondakitala anati katundu yense akwere pamwamba.

"Uyu sangakwere pamwamba, achimwene, aphedwa ndi dzuwa."

"Muli nyama?"

"Iyayi, muli madzi."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana anthu, ndipo anaganiza kuti ndi bwino osalimbana ndi munthu wodwala mutu. Ndinakhala pampando thumba lili pamiyendo. Tisanafike patali ndinayamba kumva kuzizira kokoma, kenako kunyowa. Utuchi unkagwira ntchito yake ndithu, koma dzuwa la msewu wa Liwonde silinawerenge mabuku athu. Madzi ankadontha pa thalauzi langa la khaki, malo enieni amene mwamuna safuna kunyowa pagulu. Mayi wina amene anakhala pambali panga anasuzumira, n'kukoka mwana wake kumuika mbali inayo.

"Pepani mayi, ndi ayezi," ndinatero.

"Matenda sasekana, bambo," anayankha mwachifundo, maso ali pawindo.

Pa Liwonde, tisanawoloke mlatho, achinyamata a chipani anatitsitsa tonse kuti aone makhadi. Khadi ndinali nalo, lonyowa pang'ono. Koma mmodzi wa iwo, wamtali wa ndodo m'manja, anaona thumba likudontha.

"Mwanyamula chiyani?"

Ndikanangoti ndi ayezi wa odwala, akanandisiya. Koma munthu wandifunsa funso lokhudza maphunziro anga, ndikanachita bwanji? Ndinamasula thumba padzuwa pomwepo n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinafotokoza za kumathero a dziko, za nyanja zokwera, ndipo pakamwa panga patatentha ndinamva ndikunena kuti, "N'chifukwa chake boma liyenera kusintha malamulo..."

"Boma liti?"

Anthu amene anandizungulira anabalalika ngati ndatulutsa njoka. Thukuta limene ndinatuluka nthawi imeneyo linaposa madzi a m'thumba.

"Maboma a kunja, bwana. A azungu. Lathuli malamulo ake ali bwino kale, sakufunika kukhudza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikumva ayezi wanga akudontha pa nsapato. Pomaliza anati atsimikize kuti m'kati mwa chimwalacho simunabisidwe kanthu. Anachimenya ndi ndodo, ngodya yonse n'kugamphuka, iye ndi anzake n'kugawana akuseka. Ndinawathokoza. (Inde, ndinathokoza anthu amene ankandidyera ukwati wanga. Zaka zimenezo tinkathokoza zambiri.)

Nditatsika basi pamphambano ya kwa Mposa, ndinakwera lole ya ogula nsomba, kumbuyo, popanda denga. Njira yonse ndinawerama pamwamba pa thumba kulitchinga ndi thupi langa ngati nkhuku yofungatira. Pamene ndinkafika pakhomo pa Che Saidi dzuwa linali pamutu, msana wanga utapsa, kutsogolo kutanyowa, jekete litadzaza utuchi, ndipo chimwala chija chinali chitasanduka mwala wamba, waukulu ngati papaya.

Ndinawapeza pakhonde ndi akuluakulu ena a m'mudzimo, atangochoka kumzikiti, mizuli ili kumutu. Onse anali duu, milomo itauma, palibe wotaya mawu pachabe. Ngakhale apo sindinazindikire kanthu. Titapatsana salamu ndinagwada, n'kumasula thumba mwachimwemwe.

"Amjomba, madzi aja ndinkanena aja ndi awa. Gwirani. Lawani."

Palibe anatambasula dzanja. Mkulu wina anameza malovu, n'kutembenuzira nkhope kumbali. Che Saidi anayang'ana mwala uja ukunyezimira, ukutsetsereka timadontho, kenako anakweza maso kumwamba kumene kunali dzuwa.

"Sikomo, mwanangu. Tilawa dzuwa likalowa."

Apo m'pamene zinthu ziwiri zija, ayezi ndi kusala, zinakumana m'mutu mwanga.

"Inu mwasala?" anandifunsa.

"Ndasala, amjomba."

"Wapaulendo amaloledwa kumwa. Musadzivute, Asiyatu akupatseni madzi kuseri."

Anthu inu, mdala uja ananditsegulira khomo, lalikulu, lololedwa ndi chipembedzo chomwe. Ine ndinalitseka ndekha. "Iyayi amjomba, ine kusala sindidumphitsa, ngakhale kukoleji." Ndinanena izi mafuta a mandasi asanachoke bwinobwino pamilomo.

Masana ngati amenewo sindinawaonenso. Ndinaika mwala uja m'beseni pakhonde, koma mthunzi unasuntha, ndinausamutsira pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko nkhuku zinabwera kudzajompha, ndinaulowetsa m'nyumba. M'nyumba munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndinautulutsanso. Ndikakhala pamkeka kuti ndicheze ndi akuluakulu, thako silinkakhazikika, ndimvekere ndikaone kaye. Ndikafika n'kuvundukula, ndinkapeza wachepa, ndipo kuvundukulako n'kumene kunkauchepetsa, zimene ndinkazidziwa bwino lomwe chifukwa tinalemba pa mayeso. Dzuwa nalo linali ngati lakhomedwa ndi msomali. Anthu amene ankasala zenizeni anakhala phee, ena akuwodzera, ena akuyendetsa zala pa mikanda yopempherera. Wabodza ndekhane ndi amene ndinkazungulira bwalo lonse.

Asiyatu anandipeza kuseri kwa nkhokwe ndikupemerera thumba ndi chivundikiro cha poto.

"Takakhalani pansi, mukundichititsa manyazi," ananong'ona. "Madzi akusungunukawo ine ndikuwasunga mumtsuko, ndi ozizira bwino. Amjomba amwa amenewo pomasula kusala, asangalala. Inu kalankhuleni nkhani imene mwadzera."

Ndinabwerera pamkeka kuti ndilankhule nkhani imene ndinadzera. Ndinatsegula pakamwa, ndipo munatuluka ayezi. Ndinawauza akuluakulu aja kuti kumene ndikupitako nyengo ina dzuwa sililowa kwa miyezi, limangozungulira m'mwamba usana ndi usiku.

Mkulu uja womeza malovu anatsegula diso limodzi. "Nanga kumeneko osala amamasula liti?"

Funso limeneli mzungu wa ndevu zofiira sanatiphunzitse. Ndinati ndikafufuza. Che Saidi anangoti "Oho," ndipo ine ndinadzukanso kukaona mwala wanga, umene tsopano unali ngati chidutswa cha sopo wochapira.

Apa m'pamene maphunziro anandipha. Ndinakumbukira kuti m'kalasi tinathira mchere pa ayezi, ndipo choyezera chinasonyeza kuti kuzizira kwawonjezeka. Ndinati basi, ndapeza nzeru. Chimene chinandithawa m'mutu n'chakuti kuzizirako kumabwera chifukwa ayeziyo akusungunuka mofulumira. (Funso limenelo pa mayeso ndinalikhoza, ndikulumbira.) Ndinalowa kukhitchini ngati mwini nyumba, n'kutapa mchere dzanja lodzaza, n'kuwaza pamwala paja. Ndinamva kuthetheka. Pamaso panga mwala unayamba kubowoka timaenje, madzi akuyenderera m'beseni. Ndinausolola msanga n'kuutsuka, koma theka linali litapita.

Chinanso, Asiyatu sankadziwa zimene ndachita. Anabwera monga ankachitira masana onse, natenga beseni n'kukhuthulira madzi ake mumtsuko muja. Ndinafuula mochedwa. Anayang'ana mchere umene unatsalira pansi pa beseni, anayang'ana mtsuko, anandiyang'ana ine.

"Mwathira mchere?"

"Ndi sayansi, Asiyatu..."

"Madzi a amjomba omasulira mwawasandutsa msuzi?"

Sanalire, sanakalipe. Ananyamula ndowa n'kupita kuchitsime kukatunga ena, iye amene anali atasala tsiku lonse. Ndinamuyang'ana akupita ndipo ndinachita manyazi enieni, koma mtima wanga wopusawo unati zonse zikonzeka bola amjomba alawe kotsalako.

Dzuwa litayamba kupendekera kuphiri, kamwala kanga kanali ngati dzira la nkhunda. Ndinakaika pa sosala n'kukhala nako pamkeka, maso ndi maso ndi Che Saidi. Amayi anayamba kuyala mbale za phala ndi futali. Ana a m'mudzi, amene masana onse ankathamangitsidwa, anaima patali akusuzumira. Aliyense ankadikira mawu a azana kuchokera kumzikiti, chizindikiro chakuti nthawi yomasula yakwana. Ine lilime linali litamatirira kumwamba, chifukwa chichokereni ku Balaka sindinamwe kanthu, ndipo thupi langa silinazolowere ludzu ngati anzangawo.

Dzuwa linabisala kuseri kwa phiri.

"Lalowa, amjomba! Tengani!"

"Lalowa kuphiri. Tidikire azana."

Kamwala kanali ngati nzama. Ndinkayang'ana njira ya kumzikiti ngati ndingathe kumukoka woitanayo ndi maso. Kodi wagona? Kodi akudikira ndani? Ndinaganiza zoti ndiwasendezere sosala pafupi, kuti mawu oyamba akangomveka angotola. Ndinadzuka mofulumira, sosala inapendekeka, kamwala kanatsetsereka n'kugwera mumchenga.

Ndinakatola. Kanali katamatira mchenga mbali zonse. Ndinakauzira, mchenga sunachoke. Ndinakapukuta pamalaya, kanachepa. Ndiye ndinachita chimene mwana aliyense wa ku Rivirivi amachita switi yake ikagwa pansi, osaganiza n'komwe, ndinakaponya m'kamwa kuti ndikatsuke.

Cholinga changa chinali choti ndikalavulire pa sosala, Mulungu ndi mboni. (Kuti amjomba akanalawa bwanji chinthu chochoka m'kamwa mwanga, ndinali ndisanafike poganiza zimenezo.) Koma kuzizira kuja kutangokhudza lilime louma tsiku lonse, khosi langa silinafunse chilolezo kwa munthu. Linangoti gwa. Ndipo pabwalo paja panali zii, moti aliyense anamva.

Ndisanatseke n'komwe pakamwa, azana anayamba kumzikiti.

Palibe anaseka, ndipo bola akanaseka. Akuluakulu aja anatchula dzina la Mulungu, namwa madzi ofunda amene Asiyatu anatunga kuchitsime, napita kumzikiti kukaswali. Ine ndinawatsatira thalauzi lili ndi mapu a mchere ndi utuchi, mchenga ukulira m'mano. Titabwerako tinadya phala ndi futali. Atasamba m'manja, Che Saidi anandiitanira kumapeto kwa khonde.

"Mwanangu, ayezi ine ndimamudziwa. Ndinagwira ntchito ku Joni. M'nyengo yozizira tinkachita kuswa madzi a m'ndowa ndi chidendene kuti tisambe."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. "Nanga bwanji simunanene, amjomba?"

"Simunandifunse. Inu mumangophunzitsa." Anakonza mzuli kumutu. "Zoti simunasale ndinaona mutangofika, ndipo imeneyo ndi nkhani ya inu ndi Mulungu wanu. Maphunziro anunso sindikuwanyoza. Mwina tsiku lina adzatiuza chifukwa chake nyanja yathuyi ikuthawa. Ine funso langa linali limodzi, lakuti munthu ameneyu kudikira amakudziwa? Chifukwa mukupempha kuti mwana wa mlongo wanga akhale pakhomo pano zaka, anzake akukwatiwa, iye akuyang'ana kumsewu. Lero ndakuonani. Inu dzuwa limodzi lokha lakukanikani."

Kwa nthawi yoyamba chilowereni koleji, ndinalibe chophunzitsa.

M'mawa mwake Asiyatu anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mlambe umene unali kumapeto kwa mudzi. Anandipatsa thumba lija atalichapa, lisanaume. Ndinamufunsa ngati iye payekha angandidikire. Anati, "Dzulo ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, kuti mukhale pansi." Ndinalira njira yonse mpaka pamphambano, ndipo sindikuchita manyazi kunena, chifukwa mtsikana ameneyo ndinkamukonda kwambiri. Idi itadutsa ndinamva kuti telala uja wavomerezedwa.

Kunja ndinapita ndithu. Ayezi ndinamuona wochuluka mpaka kunyansidwa naye, ndinayenda pamwamba pake, ndinagwa pamwamba pake kangapo. Patapita zaka, ndili pa kafukufuku kumpoto kwenikweni, Ramadani inandipeza m'nyengo ija dzuwa sililowa. Ndinali nditayambiranso kusala. Ndinaima panja pakati pa chigwa choyera, ludzu lili pakhosi, madzi oundana ali mbali zonse, dzuwa likungozungulira osatsika, ndipo ndinakumbukira funso la mkulu uja wa diso limodzi lotsegula. Ndinaseka ndekha mpaka anzanga anatuluka kudzaona ngati kuzizira kwandizunguza mutu. (Yankho lake lilipo, mumatsata nthawi ya dera lina kumene dzuwa limalowa. Koma woti ndikamuuze anali atamwalira kalekale.)

Nditabwerera kumudzi ndinagwira ntchito ya za chilengedwe mpaka kupuma, ndinakwatira, ndili ndi zidzukulu. Ndinkadziuza kuti phunziro la kwa Mposa ndinalimva. Ndiye chaka china, mwezi wotentha, ndinaima pa Liwonde kuti ndigule chakumwa. Ndinalowa m'sitolo ina yokhala ndi makina osokera pakhonde ndi firiji yaikulu m'kati. Mayi amene anali kuseri kwa kauntala, wonenepa bwino, mpango uli kumutu, anandiyang'anitsitsa, kenako anagwira pakamwa mapewa akugwedezeka.

"Che Ayezi! Mudakali moyo?"

Anali Asiyatu. Anandiuza kuti kwa Mposa dzina langa lenileni palibe amalikumbuka, koma nkhani yanga imakambidwa Ramadani iliyonse, makamaka kwa ana amene akuphunzira kusala. Anatsegula firiji, natulutsa kapaketi ka madzi otsekemera oundana aja amakonda ana asukulu, n'kundipatsa.

"Kameneka n'kolimba kwambiri, kangochoka pansi penipeni. Mudikire pang'ono kafewe, mungathyole..."

Sanamalize. Ndinali nditaluma kale, ndipo dzino limene linathyoka tsiku limenelo mpata wake ulipobe.